Mayina Amene Ndinawachapa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinafika ku Glasgow, ndipo malo anga m'nyumba mwathu ndinawapeza atakhalamo kale munthu. Makolo anga anandisiya ku Zomba kwa azakhali ndili ndi zaka zitatu, ati akangokhazikika adzanditenga. Kukhazikikako kunadya zaka zisanu ndi zitatu, ndipo mkati mwa zakazo munabadwa mlongo wanga Mphatso. Ndinamupeza ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, mano akutsogolo atachoka, akulankhula Chingerezi chothamanga cha konkuno chimene ine, amene ndinkaposa kalasi yonse ku Zomba, ndinkangotolamo mawu apa ndi apo. Amayi akamufunsa m'Chichewa iye ankayankha m'Chingerezi, nkhani n'kumayenda bwinobwino. Ine sankanditchula kuti achemwali. Ankangoti Tiya, ngati mnzake wosewera naye, ndipo panalibe womudzudzula.

Tinkakhala ku Maryhill, m'nyumba zakale zamiyala zosanjikizana, zimene mabanja angapo amalowera khomo limodzi n'kumakwera masitepe amodzi. Masitepewo ankakolopedwa mosinthana. Panali kakhadi komangidwa chingwe kamene kankalendewera pachitseko cha mwini sabata, ndipo akamaliza ankakapachika kwa mnzake woyang'anana naye. Oyang'anana nafe anali a Ronnie, bambo okalamba okhala okha, akazi awo atamwalira kalekale. Mawondo awo anali otheratu. Tsiku lina amayi, amene ankagwira ntchito ya unamwino, anawapeza akulimbana ndi ndowa pamasitepe, ndipo anangolamula pomwepo kuti kakhadi kakhale kwathu kapena kwa a Ronnie, wokolopa ndine. Sindinadandaule. Kwa azakhali ndinkakolopa nyumba yonse ndisanapite kusukulu, ndiye masitepe khumi ndi angapo sanali kanthu.

Loweruka lililonse m'mawa ndikagwada pamasitepe ndi nsanza yanga, chitseko cha a Ronnie chinkakhala chotsekula. Mphatso ankangodutsa pamadzi anga ndi nsapato zake n'kulowa, popanda ngakhale odi. Ine ndinkamva fungo la tiyi ndi la buledi wootcha likutuluka, kenako mawu a a Ronnie akuyamba nkhani.

Nkhani yake inali imodzi yokha, ya timu yawo. Ali anyamata a Ronnie anali goloboyi wa timu ya hoke ya pa ayezi, masewera amene anthu amavala nsapato zokhala ndi mpeni kunsi n'kumatsetsereka pamadzi oundana, akulimbirana ndi ndodo zokhota kamphira kakuda kaphwatalala ngati chitsekerero cha botolo la jamu. Dzina la timuyo m'Chichewa tinganene kuti Akakowa, mbalame zimene zimaima ndi mwendo umodzi m'ngalande yaikulu ya kuseri kwa nyumba zathu. Malinga ndi a Ronnie, anaiyambitsa ndi amuna ogwira ntchito m'mafakitale a m'mbali mwa ngalandeyo, amene ankasewera pamwamba pa madziwo akaundana. Kenako kunabwera munthu wachuma amene anawamangira chinyumba cha ayezi, n'kuyamba kuwalipira ndi kuitanitsa osewera ena kuchokera ku Canada. A Ronnie anasiya ntchito yokonza mipopi ya madzi n'kumadya za hoke. Loweruka chinyumbacho chinkadzaza mpaka ena kumaonera ataimirira pamakwerero. Chikho chachikulu sanachitengepo. Anafika kamodzi pamasewera omaliza n'kugonja ndi chigoli chimodzi, chimene chinadutsa pakati pa miyendo ya a Ronnie omwe, ndipo ankachifotokoza ngati chachitika dzulo.

Kutha kwake kunalibe mwambo. Makina oundanitsa madzi anayamba kufa pafupipafupi, oonera anachepa, mwini wake n'kugulitsa chinyumbacho mwakachetechete. Lolemba lina osewera atabwera kudzakonzekera anapeza unyolo pachitseko, zikwama zawo zitaunjikidwa panja pamvula. Masewera amene anasewera Loweruka lapitalo anali omaliza, iwo osadziwa. Anawoloka msewu n'kukakhala m'kanyumba komwera tiyi, ndipo poti a Ronnie ndiwo anakhalitsa m'timumo kuposa onse, anzawo anabwereka cholembera kwa mayi wogulitsa tiyi n'kusainira juzi yawo, aliyense pamene wakonda. Anali amuna khumi ndi anayi.

Juziyo inkapachikidwa pakhoma la m'kakhonde ka mkati, moyang'anana ndi chitseko, moti ndili pamasitepe ndinkaiona bwinobwino. Inali yaubweya wokhuthala, yoyera yotuwirako, kakowa atasokedwa pachifuwa. A Ronnie ankaloza dzina lililonse ndi ndodo yawo yoyendera n'kufotokoza za mwini wake mokweza ngati akulankhula ndi munthu wosamva. Panali Luc, chimphona cha ku Canada chimene chinkaopa tiagalu. Panali Malky ndi Sandy, pachibale, amene ankamenyana okhaokha kuposa mmene ankamenyanirana ndi adani. Panali Gordon amene ankaimba nyimbo za kutchalitchi m'basi akagonja. Ndipo nthawi zonse nkhani inkathera pa mawu amodzimodzi, akuti juziyo sinachapidwepo chiyambire masewera omaliza aja, ndipo siidzachapidwa, chifukwa ikadzangokhudza madzi anyamata onsewo apita.

Mphatso ankamvera ndi khutu limodzi, maso ali pa mbale ya mabisiketi. Ine ndinkakolopa sitepe imodzi katatu kuti nkhani isandithere.

Loweruka lachiwiri kapena lachitatu a Ronnie anatuluka ndi mbale ija m'manja, n'kundifunsa ngati ndikufuna kulowa kuti ndiione juziyo pafupi. Ndinkafunitsitsa kulowa. Koma azakhali anandilera mwanjira yawo. Ankati mwana wamakhalidwe sathamangira kulowa m'nyumba ya eni kapena kutambasula dzanja akangomuonetsa mbale. Amayamba wakana, akamukakamiza m'pamene amalandira, ndi manja awiri. Choncho ndinazyolika n'kunena kuti ayi, zikomo, ndikudikira kuti anenenso. A Ronnie anangogwedeza mutu, n'kunena kuti chabwino, n'kubwerera mkati. Kachiwiri kaja sikanabwere, tsiku limenelo kapena Loweruka lina lililonse.

Kuyambira pamenepo nsanje inandilowa ngati chimfine, ndipo sindikuchita manyazi kuitchula ndi dzina lake. Ndinkaona kuti Mphatso wandilanda zonse: amayi, abambo, chilankhulo cha m'tauni muno, ndiye pano nkhalamba imene masitepe ake ndinkakolopa ndine. A Ronnie anamupatsa kamphira kakuda kaja, iye n'kumakamenya ndi tsache m'khonde mwathu mpaka kukasowetsa kuseri kwa firiji. Pa chakudya chamadzulo ankabwereza nkhani za Akakowa mozisokoneza, woopa agalu n'kukhala Gordon, abambo n'kumaseka mpaka kupukuta misozi. Ine ndinkadziwa zoona zake koma ndinkangotafuna. Ndinkafuna wina andifunse, ndipo popeza panalibe wondifunsa, ndinkawaimba mlandu onse mumtima.

Miyezi itapita, kusukulu kwa Mphatso anauza ana kuti aliyense abweretse chinthu chakale chosonyeza mbiri ya dera lathu. Mphatso sanaganize kawiri, anakapempha juzi ija, ndipo a Ronnie anamubwereka. Kanali koyamba juziyo kutuluka m'nyumbamo. Anaikulunga okha m'pepala lofewa n'kuiika m'jumbo. Lachisanu Mphatso anabwerako atamumata nyenyezi yapepala pachifuwa, aphunzitsi atamuimika kutsogolo kwa sukulu yonse. Abambo anamujambula atanyamula juziyo n'kutumiza chithunzicho kwa azakhali ku Zomba, azakhali anga omwe, iwo n'kuyankha kuti mwanayu adzakhala munthu.

Loweruka m'mawa abambo anamutenga Mphatso kupita naye ku mpira. Amayi, atangofika kuchokera kuntchito, anaipeza jumbo ija pampando n'kuisuzumira. Anabweza mutu msanga. Kunena zoona juziyo inkanunkha, fungo la thukuta lakale ndi nkhungu. Mayina aja inki yake inali itazilala, ndipo munthu wotopa wosadziwa nkhani yake akanangoona ngati zikhwachakhwacha za ana.

“Chinthu cha eni ake tibweze chonchi? Atiyesa anthu otani?” anatero amayi. “Tiya, ukamaliza masitepe uichape bwinobwino ndi manja, osati m'mashini. Mawa tikachoka kutchalitchi tikapereke.”

Amayi sankalakwa. Kwathu chobwereka sichibwerera chakuda, mbale ya eni siibwerera yopanda kanthu. Nkhani ya juziyo anali asanaimvepo, poti Loweruka m'mawa ankakhala ali kuntchito kapena akugona. M'nyumba monse munthu amene akanatha kunena kuti amayi, imeneyi siichapidwa, anali mmodzi, ndipo mawuwo anafika mpaka pamilomo. Ndinawameza.

“Chabwino, amayi,” ndinatero.

Ndinatsegula mpopi wa madzi ofunda m'bafa, ndinathira sopo, n'kuimiza. Madzi anayamba kusanduka obiriwira ngati a buluu wochapira. Ndinaona dzina la Luc likufalikira paphewa ngati mafuta, kenako la Malky, kenako la Sandy. Ndikanatha kuitulutsa pamenepo, mwina ena akanapulumuka. M'malo mwake ndinaifikisa monga azakhali anandiphunzitsira, kolala, m'khwapa, m'mphepete, ndinaitsukuluza kawiri. Ndiyenera kunena zoona kuti kwa kanthawi ndinamva kukoma. Ndinkaganiza za nkhope ya Mphatso chitseko chija chikadzamutsekekera, ndipo ndinkadziuza kuti ine ndangochita zimene andituma. Ndinaiyanika pa timitengo ta m'khitchini timene amatikweza ndi chingwe mpaka kudenga, ndipo tsiku lonse inkadontha pamwamba pa mitu yathu. Mphatso atabwera anangoiyang'ana n'kunena kuti yawala. Mawu aja amene a Ronnie ankawabwereza Loweruka lililonse iye anali asanawasungepo.

Lamulungu titachoka kutchalitchi tinawolokera kwa a Ronnie tonse anayi, amayi atanyamula juzi yopindidwa bwino ndi mbale ya mandasi pamwamba. A Ronnie analandira akumwetulira, anaika mbale pambali, n'kuitambasula juziyo. Inali yoyera mbee, itafupikako pang'ono, ikununkhira sopo. Anaitembenuza kumbuyo, anaitembenuzanso kutsogolo, anayendetsa chala paphewa pamene panali Luc.

Abambo ndiwo anayamba kuzindikira, poti chithunzi chija anajambula ndi iwo. Atawanong'oneza amayi, amayi anagwira pakamwa, kenako anagwada pakhomo pomwepo atavala zakutchalitchi, n'kumapepesa m'Chingerezi chosakaniza ndi Chichewa. Ankabwereza kuti mwanayu alibe mlandu, ndamutuma ndine, ndamutuma ndine. Ine ndinali nditaima kumbuyo kwawo, maso pansi, mwana wamakhalidwe. A Ronnie anawadzutsa n'kunena kuti asadandaule, anachita zimenezo pofuna zabwino. Anathokoza chifukwa cha mandasi, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Loweruka lotsatira chitsekocho chinali chotseka, ndi linalo chimodzimodzi. Ndinapeza zimene ndinkafuna: Mphatso ankagogoda n'kubwerera akulira. Koma masitepe anali zii, kunkangomveka nsanza yanga ndi ndowa, ndipo ndinazindikira kuti nkhani zija ndazitsekera inenso. Choipa kwambiri chinali kuwaona amayi. Munthu amene ankakwera masitepe akuimba anayamba kumanyang'ama podutsa pakhomo la a Ronnie, nsapato zili m'manja, kuopa kukumana nawo. Ankanyamula manyazi anga, ine n'kumawasiya anyamule.

Loweruka lachitatu chitseko chinatseguka. A Ronnie anali atakhala pampando m'kakhonde kaja, juzi ili pamiyendo, pepala ndi cholembera zili m'manja. Anamuitana Mphatso kuti awathandize. Anati akufuna alembe mayina aja asanawathawe, koma akawerenga akumafika asanu ndi anayi n'kuima. Zaka zonsezo sankawaloweza, ankangowawerenga pajuzi, ndipo juziyo itayera mutu wawo unayeranso. Mphatso anakanda m'mutu n'kutchula woopa agalu uja, dzina lake n'kulakwitsanso. A Ronnie anayambiranso kuwerenga ndi zala, n'kuimanso pa chala chomwe chija.

Ndinadziwa kuti ndikatsegula pakamwa ndadziulula. Koma kuona bambo wamkulu akusakasaka anzake m'mutu ngati munthu wotaya makiyi kunandipweteka kuposa mantha. Ndili chigwadire pasitepe, ndinanena m'Chingerezi changa cha ku Zomba kuti paphewa lamanzere panali Luc, pansi pake Malky, ndipo Sandy analemba kumbuyo dala kuti asayandikane ndi m'bale wake. Ndinapitiriza kutsika nayo juziyo, dzanja lamanja, pamimba, m'mphepete, aliyense ndi kankhani kake, mpaka anakwana khumi ndi anayi. A Ronnie ankalemba osadzutsa mutu. Atamaliza anamutuma Mphatso kuti akatenge mabisiketi kukhitchini, n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

“Zonsezi wazimvera pamasitepepo?”

Ndinavomera.

“Ndiye unamvanso kuti siichapidwa.”

Silinali funso, koma ndinavomeranso. Anandifunsa chifukwa chake, osakweza mawu. Ndinkafuna kunena za Zomba, za chithunzi chija, za zaka zisanu ndi zitatu, koma zimene zinatuluka n'zakuti iwo ankangokonda Mphatso, ine sanandiitanepo. Anandikumbutsa kuti anandiitana ine n'kukana. Ndinati anandiitana kamodzi kokha. Anaoneka kuti sanamvetse kuti kamodzi kali ndi vuto lanji, ndipo ine ndinalibe mawu owafotokozera za azakhali.

“Mwana iwe,” anatero, “ukuganiza kuti munthu wa mawondo ngati angawa angasiyirenji chitseko chotsekula nyengo yonse yozizira? Ndinkakuwiranji chonchija? Mphatso anali kale mkati.”

Ndinalira pasitepepo, manja ali ndi thovu, mpaka Mphatso anabwera ndi mabisiketi n'kuima kukamwa kuli yasa. A Ronnie sanandikhululukire ndi mawu tsiku limenelo, ndipo sanandisisite pamutu. Anangonena kuti iwo sakawauza amayi, koma sakufunanso kumva mzimayi wolemekezeka akuyenda ndi masokosi pakhomo pawo chifukwa cha mlandu umene si wake, ndiye ndidziwe chochita.

Ndinawauza amayi masana omwewo ali kukhitchini. Ndinkayembekezera chikwapu, ndipo chikanandipepukira. Iwo anazimitsa chitofu, anakhala pansi, n'kundifunsa kawiri ngati ndinawasiyadi agwade ndikudziwa zoona zake. Anakhala masiku atatu akungondilankhula zofunikira zokha. Tsiku lachinayi ndinawamva akuuza abambo kuchipinda kuti mwanayu tinamusiya nthawi yaitali. Madzulo ake analamula kuti kuyambira lero Mphatso azinditchula kuti achemwali. Lamulolo linagwira ntchito masiku awiri.

Chitseko cha a Ronnie chinayambanso kutseguka, koma sanandiitanenso. Ndinakolopa Loweruka lina lonse ndikudikira, mpaka ndinamvetsa kuti kuitana kwake n'komweko. Sabata yotsatira ndinaika ndowa pambali, ndinapukuta manja, ndinanena odi wanga n'kulowa. Anangondilozera mpando. Juzi inali itabwerera pakhoma pake, yoyera, ndipo akafuna kuloza dzina ndi ndodo ankaima kaye n'kundiyang'ana, ine n'kunena pamene linali.

A Ronnie anamwalira ndili ku sekondale. Juziyo anamusiyira Mphatso, monga anamulonjezera kalekale, ndipo lero ili m'galasi pakhoma la nyumba yake ku Shawlands, mu Glasgow momwemuno. Alendo akamufunsa za mbalameyo amandiimbira foni kuti ndimukumbutse. Ndikapita kukacheza n'kuiona, kansanje kaja kamandibwererabe, ndine mayi wa ana awiri. Ine anandisiyira pepala lija. Chinyumba cha ayezi pano amagulitsiramo makapeti, ndipo anyamata ogulitsamo sadziwa kuti pansi pamene amapondapo pankaundana. Sindikudziwa ngati mu Glasgow muno mulinso munthu wina amene angatchule Akakowa onse khumi ndi anayi, aliyense ndi pamene analemba.

Zimene ndikumvetsa tsopano n'zakuti ndinakhala miyezi yambiri nditagwada kutsogolo kwa chitseko chimene chinatsekulidwira ine, ndikuwerenga mabisiketi a mlongo wanga. Ulemu umene azakhali anandiphunzitsa sunali wolakwa, kungoti ndinausandutsa pobisalira, ndipo tsiku limene ndinamvera amayi ndi mtima wonse ndi tsiku limene ndinachita choipa kwambiri pa ubwana wanga. Mwana wa eni akabwera kwathu n'kunena kuti ayi, zikomo, maso ali pansi, ndimamufunsanso kachiwiri, mwinanso kachitatu. Mayina aja ndimawatchulabe nthawi zina ndikamatsuka mbale, kuyambira paphewa lamanzere kutsika pansi, ndipo sindinaiwalepo ngakhale limodzi. Koma papepala langa onse analembedwa ndi dzanja limodzi, la a Ronnie. Dzanja la Luc, la Malky, la Sandy ndi la anzawo aja linapita ndi madzi a m'bafa lathu, ndipo amene anatsegula mpopi ndine.